Funsani Wotikita Minofu: Ndinapita ndi Khosi, Iwo Akufunsa za Tulo

Mwezi uno makalata ambiri anali okhudza ululu wa msana ndi khosi. Ndasankhapo asanu, ndipo monga mwa nthawi zonse mayina a olemba ndawasunga. Kalata yoyamba ndaiyankha motalikirapo chifukwa dandaulo lake ndimalimva pafupifupi sabata iliyonse m'chipinda chimene ndimagwiriramo ntchito.

FUNSO: Zikomo amayi. Ine ndine telala, ndimasokera pakhonde la sitolo ina ku Limbe, ndipo papita miyezi 6 ndikuvutika ndi khosi komanso mapewa, moti pofika madzulo ululuwo umakwera mpaka kunkhongo n'kusanduka mutu. Mnzanga anandilozera kwa mayi wina wotikita minofu. Nditafika, m'malo moti ayambe ntchito, anandikhazika pampando kwa mphindi pafupifupi 20 n'kumandifunsa mmene ndimagonera, mankhwala amene ndikumwa, kutalika kwa mpando umene ndimasokerapo, ngakhalenso ngati kunyumba kuli mtendere. Nditawauza kuti mayi anga anamwalira chaka chatha, analemba m'kabuku kawo. Kunena zoona ndinakhumudwa, chifukwa ine ndinalipira kuti anditikite khosi. Kodi mafunso onsewa ndi a chiyani? Mayi telala, Limbe.

YANKHO: Pepani mayi chifukwa cha maliro a mayi anu. Pa nkhani ya mafunsowo ine ndili kumbali ya mnzanga amene anakulandiraniyo, ngakhale kuti analakwitsa poyamba kufunsa asanakufotokozereni chifukwa chake. Munthu ukamufunsa za kunyumba kwake osamuuza kumene ukulowera, sangalephere kuganiza kuti ukufuna miseche.

Ena mwa mafunsowo ndi oteteza moyo wanu. Munthu amene akumwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi, monga warfarin, akatikitidwa mwamphamvu magazi amatha kutayikira mkati mwa khungu. Wodwala shuga amene mapazi ake anachita dzanzi sangamve kuti akupsinjidwa mopitirira muyezo, ndipo mayi woyembekezera sagonekedwa chafufumimba kapena chagada kwa nthawi yaitali koma chammbali. Wotikita amene sanafunse zimenezi n'kuyamba kukupakani mafuta ndi amene muyenera kumuopa.

Mafunso otsalawo amafufuza kumene ululu ukuchokera. Mutu wa munthu wamkulu umalemera makilogalamu pafupifupi 5, ngati chigubu cha madzi cha malita 5. Mutuwo ukakhala mowongoka pamwamba pa msana, minofu ya m'khosi imagwira ntchito yochepa, koma mukauweramitsa kuti muone singano, minofuyo imakhala ngati munthu amene wanyamula chigubu chija atatambasula mkono, ndipo imatero kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Umene umavutika kwambiri ndi mnofu waukulu wotchedwa trapezius, umene umayambira kunkhongo, n'kutambalala mpaka m'mapewa, n'kutsika mpaka pakati pa msana. N'chifukwa chake ululu wa paphewa umatha kukwera n'kukhala mutu womanga ngati mwavala duku lothina. Ine ndikhoza kuufewetsa mnofu umenewo lero, koma ngati mawa mubwerera pampando womwewo, mlungu usanathe udzakhala utaumanso.

Ndikumbukira mayi wina wa ntchito ngati yanuyi, wa zaka 47, amene ndinamutikita maulendo atatu popanda kusintha kooneka. Ulendo wachinayi ndinamupatsa singano ndi ulusi kuti andionetse mmene amalowetsera. Anayamba wautalikitsa mkono, kenako anatulutsa chibwano kutsogolo, n'kukweza mapewa mpaka kufupi ndi makutu, maso atatsinzinira pang'ono. Vuto linali maso. Anthu ambiri akapitirira zaka 40 amayamba kuvutika kuona zinthu zapafupi, ndipo mayiyu ankalipira vutoli ndi khosi lake tsiku lonse. Ndinamutumiza kokayezetsa maso, ndipo atapeza magalasi owerengera anasiya kubwera kwa ine. Maulendo atatu oyamba aja ndinamudyera ndalama chabe chifukwa chosafunsa bwino.

Nanga tulo ndi maliro zikulowapo bwanji? Mudzaonetsetse munthu amene akulandira uthenga woipa pafoni: mapewa amakwera, mano amalumana, mpweya umakhala wapamwambamwamba. Thupi limachita zimenezi lokha pokonzekera ngozi, ndipo nkhawa ikakhala ya miyezi yambiri minofu imazolowera kukhala yokungika ngakhale usiku. Kuwonjezera apo, munthu amene sanagone mokwanira amamva ululu msanga kuposa amene wagona bwino, choncho khosi limamulanda tulo, kusowa tuloko n'kukulitsanso ululu wa khosi. Sindikunena kuti ululu wanu ndi wongoganizira ayi. Ululuwo ndi weniweni, koma uli ndi mizu ingapo, ndipo wina mwa mizuyo ukhoza kukhala chisoni chimene simunapeze nthawi yochilira chifukwa maoda a mayunifolomu anali kukudikirani.

Kaonedwe kameneka ndi kamene pa zikwangwani za malo otikitira amakalemba ndi mawu a Chingerezi akuti holistic, kutanthauza kuthandiza munthu yense wathunthu. Si nzeru ya otikita okha. Malamulo oyendetsera bungwe la World Health Organization, amene anayamba kugwira ntchito mu 1948, amafotokoza thanzi kuti ndi kukhala bwino m'thupi, m'maganizo ndiponso pakati pa anthu anzako, osati kungokhala wopanda nthenda. Mu 1977 dokotala wa ku America George Engel anadzudzula madokotala anzake chifukwa choyang'ana nthenda n'kuiwala wodwalayo, ndipo anati thupi, maganizo ndi moyo wa munthu pakati pa anzake ziyenera kuunikidwa limodzi. Kwa ife kuno zimenezi si zachilendo kwenikweni. Tikapita kukazonda wodwala sitifunsa za mwendo wokha, timakhala pansi n'kufunsa ngati wagona, ngati wadya, ndiponso amene akumutungira madzi.

Ndisakunamizeni za mphamvu ya manja athu. Kusisita kumachepetsa ululu, ndipo chifukwa china anachifotokoza Ronald Melzack ndi Patrick Wall mu 1965: uthenga wa kukhudzidwa kwa khungu ukafika mumtsempha waukulu wa mumsana umatchingira mbali ina ya uthenga wa ululu umene ukupita ku ubongo. Mayi aliyense amene anasisitapo mwana amene wagunda mutu pachitseko amadziwa kale zimenezi. Kutikita kumathandizanso munthu kupuma modekha ndi kupeza tulo. Koma mpumulo wake nthawi zambiri ndi wa masiku owerengeka, ndipo n'chifukwa chake malangizo a bungwe la NICE la ku Britain a mu 2016 okhudza ululu wa msana amalola chithandizo cha manja pokhapokha chikuyendera limodzi ndi masewero olimbitsa thupi. Kwa khosi lanu ine ndingatsatire nzeru yomweyo. Konzani mpando kuti zigongono zikhale pamlingo wa tebulo la makina, sokerani pamalo owala, imirirani pakatha mphindi 30 kapena 40 zilizonse n'kuzunguza mapewa, ndipo madzulo muzithowa khosi ndi kansalu konyika m'madzi ofunda. Mukayezetsenso BP ndi maso. Mutu ukadzabwera mwadzidzidzi ndi mphamvu imene simunaimvepo, kapena limodzi ndi kusanza, kusaona bwino kapena dzanzi m'mikono, thamangirani kuchipatala.

Pomaliza dziwani kuti muli ndi ufulu wokana kuyankha funso lililonse la kunyumba kwanu, ndipo zimene mwanena siziyenera kutuluka m'chipindamo. Wotikita ndi womvetsera chabe. Akayamba kukuweruzirani nkhani za banja kapena kukuuzani amene wakulodzani, wadumpha malire a ntchito yake.

FUNSO: Ndine woyendetsa minibasi wa zaka 38. Msana wakhala ukundiwawa kwa miyezi 4, makamaka usiku, ndipo ndaonda moti malamba onse ndaboola mabowo atsopano. Usiku ndimatuluka thukuta mpaka kunyowetsa zofunda. Akazi anga amandithowa koma sizikusintha. Munthu wina wotikita wandiuza kuti m'thupi mwanga mwadzaza poizoni, ndipo akufuna ndilipiriretu maulendo 10 kuti amuchotse. Kodi ndilipire? Bambo wa ku Mchesi, Lilongwe.

YANKHO: Bambo, musalipire, ndipo pitani kuchipatala sabata ino. Madalaivala ambiri amadwaladi msana chifukwa chokhala nthawi yaitali ndi kugwedezeka kwa galimoto, koma ululu wotero umachepa munthu akagona. Wanu ukukula usiku, ndipo ukubwera pamodzi ndi kuonda komanso thukuta. Ine si dokotala ndipo sindingatchule nthenda kudzera m'kalata, koma zizindikiro zimenezi zikakumana, chimodzi mwa zinthu zimene madokotala amayamba kufufuza ndi TB ya mumsana. Anthu ambiri amaganiza kuti TB imagwira chifuwa chokha, pamene kachilombo kake kamatha kulowa m'mafupa a msana n'kumawadya pang'onopang'ono, munthu osatsokomola n'komwe. Nthendayi anaifotokoza dokotala wa ku London Percivall Pott mu 1779, ndipo mpaka lero imatchulidwa ndi dzina lake. Ikachedwa kupezeka mafupa amaphwanyika, msana umatuluka linunda, ndipo miyendo imatha kufa. Kupsinja mwamphamvu msana wotero n'koopsa kwambiri. Kuyezetsa TB ndi mankhwala ake ndi zaulere m'zipatala za boma, ndipo mankhwalawo amamwedwa kwa miyezi 6 kapena kuposerapo. Akakupemphani kuyezetsanso HIV muvomere, chifukwa matenda awiriwa amayenderana kawirikawiri. Mukaona miyendo ikufooka, dzanzi pakati pa ntchafu, kapena mkodzo ndi chimbudzi zikuvuta kuzigwira, musadikire kuti kuche.

Za poizoniyo, mawu amenewa amandichititsa manyazi ndikawamva kwa anzanga a ntchito. Zoipa za m'magazi zimachotsedwa ndi chiwindi ndi impso, ndipo palibe dzanja limene lingazifinye kudzera pakhungu. Ena amatchula asidi amene amachuluka m'minofu munthu akathamanga, koma ameneyo thupi limamuchotsa lokha pakatha pafupifupi ola limodzi. Munthu amene anamva kuti mwaonda ndipo mukutuluka thukuta usiku, iye n'kuyamba kuwerengera maulendo 10, sanakuoneni inu wathunthu ngakhale atalemba mawu aja akuti holistic pachikwangwani chake.

FUNSO: Mchemwali wanga wangofika kumene pabasi kuchokera ku Johannesburg, ndipo mwendo wake wamanzere watupa kuyambira pabondo kutsika. Katumba akuwawa komanso akutentha. Kodi ndimutikite ndi mafuta ati? Mayi wa ku Ndirande, Blantyre.

YANKHO: Musamutikite ngakhale pang'ono, mayi, ndipo musamuthowe. Mupite naye kuchipatala lero lomwe, ndipo mukafotokoze za ulendowo. Munthu akakhala nthawi yaitali miyendo ili yopinda, magazi amayenda pang'onopang'ono ndipo amatha kuundana mumtsempha wa mkati mwa mwendo. Lipoti la World Health Organization la mu 2007 linapeza kuti ngozi imeneyi imawirikiza pafupifupi kawiri pa ulendo wa maola 4 kapena kuposerapo, ndiye ganizirani ulendo wa ku Joni umene umatenga usana ndi usiku. Chizindikiro chake ndi chimene mwafotokozachi: mwendo umodzi wokha wotupa, wotentha ndi wowawa. Mukausisita, magazi oundanawo akhoza kusuntha n'kukatseka mitsempha ya m'mapapo, ndipo zimenezi zimapha munthu mwadzidzidzi. Ngozi imakhala yaikulu kwa amayi oyembekezera, amene angobereka kumene, ndi amene akumwa mapiritsi ena olerera. Akayamba kubanika kapena kumva kuwawa pachifuwa, pezani galimoto nthawi yomweyo.

FUNSO: Bambo anga anadwala sitiroko miyezi 2 yapitayo ndipo mbali ya kumanja inafa. Tinatuluka nawo m'chipatala ndipo ndikuwasamalira ndekha kumudzi. Anthu akuti ndiziwathowa ndi madzi otentha kwambiri ndi kuwakoka mkono kuti mitsempha idzuke. Iwo salankhula bwino ndipo nthawi zina amangolira. Kodi kutikita kungawachiritse? Mwana wawo wamkazi, Ntcheu.

YANKHO: Mwagwira ntchito yaikulu, mayi, ndipo funso lanu lafika nthawi yabwino, chifukwa miyezi yoyambirira ndi imene thupi limabwezeretsa mphamvu zambiri. Vuto la sitiroko lili mu ubongo, pamene mtsempha wa magazi unatsekeka kapena kuphulika, choncho kutikita mkono pakokha sikungaudzutse. Chimene chimathandiza ndi mafizo, kutanthauza kuyeserera mobwerezabwereza kukhala tsonga, kuimirira, kugwira kapu ndi kuponya phazi, mpaka mbali zina za ubongo zitaphunzira ntchito ya mbali imene inawonongeka. Zipatala zazikulu za Queen Elizabeth, Kamuzu, Zomba ndi Mzuzu zili ndi madipatimenti a mafizo, ku Blantyre kulinso malo a Kachere othandizira anthu amene ziwalo zawo zinafooka, ndipo pachipatala cha boma lanu mukhoza kufunsa kuti akuonetseni zoyenera kuchita kunyumba.

Malangizo awiri amene mwapatsidwawo muwakane mwaulemu. Phewa la mbali yakufa limakhala lolobodoka chifukwa minofu imene imaligwira yafooka, ndipo kulikoka kumatha kuligulula n'kusiya ululu wa miyezi yambiri. Ngakhale powadzutsa pamphasa musawagwire mkono umenewo, koma muziwachirikiza kumsana ndi m'chiuno. Madzi otentha nawo ndi oopsa chifukwa khungu la mbali imeneyo silimva bwino, ndipo munthu amene salankhula sangakuuzeni kuti akupsa. Ndinaonapo gogo wina ali ndi matuza kuyambira paphewa mpaka pachigongono, ochita kuthowedwa ndi ana ake omwe amene ankamukonda. Madzi muziyamba mwawayesa ndi chigongono chanu, ndipo akhale ofunda chabe.

Kusisita kuli ndi malo ake. Thirani mafuta pang'ono m'manja mwanu, ngakhale ophikira omwewa kapena Vaseline, muwatenthetse popukusa zikhatho, ndipo muyambire kunsonga za zala kupita chakuphewa, mofatsa ngati mukusalaza nsalu. Tambasulani chala chimodzichimodzi pang'onopang'ono kuti dzanja lisaume litafumbata, kenako muike mkonowo papilo kuti usalendewere. Ngati sakutha kudzitembenuza, muziwatembenuza pakatha maola 2 aliwonse, ndipo mukaona malo ofiira kapena akuda pachitendene, m'chiuno kapena kumapeto kwa msana musawasisite, chifukwa pamenepo pakuyamba chilonda ndipo kusisita kumachikulitsa. Mankhwala a BP asadumphe ngakhale tsiku limodzi.

Kulirako kumachitika kwa anthu ambiri odwala sitiroko. Nthawi zina kumachokera ku ubongo womwewo, ndipo nthawi zina ndi chisoni cha bambo amene ankalima yekha munda wake koma lero akusambitsidwa ndi mwana wake wamkazi. Muwauze achipatala za kulirako. Powasisita muziwalankhula monga kale, muziwauza za mbuzi ndi za mitengo ya feteleza, ndipo muzipempha chilolezo musanawavule. Muziwatulutsa pakhonde kuti anzawo aziwapeza. Inunso msana wanu ndi tulo tanu zili pangozi, choncho itanani abale mugawane masiku, ndipo pa ntchito yowasambitsa papezeke mwamuna wa m'banjamo ngati iwo angamasuke naye koposa.

FUNSO: Ndinalemba mayeso a Fomu 4 ndipo ndikufuna kuphunzira ntchito yotikita minofu, koma bambo anga akuti imeneyo ndi ntchito ya uhule. Ndiwayankhe bwanji? Mtsikana wa ku Mzuzu.

YANKHO: Mwanangu, bambo ako asakukwiyitse, chifukwa zimene akuopazo zilipodi: m'matauni mwathu muli malo ena amene amalemba masaji pakhomo pamene mkatimo mukuchitika zina. Vutoli ndi lakale. Mu 1894 ku London kunabuka mbiri yoipa yofanana ndi imeneyi, ndipo anamwino anayi anakhazikitsa bungwe la Society of Trained Masseuses kuti ateteze ntchito yawo pokhazikitsa mayeso ndi malamulo a khalidwe. Bungwe lomwelo ndi limene linakula n'kukhala Chartered Society of Physiotherapy, la akatswiri a mafizo a ku Britain. Uwauze bambo ako kuti adokotala a mafizo amene amawalemekeza kuchipatala ntchito yawo inaphukira pa tsinde limeneli.

Ngati unakhoza bwino masamu ndi maphunziro a sayansi, ine ndingakulimbikitse kuyesa mwayi wa digiri ya mafizo ku Kamuzu University of Health Sciences, chifukwa ukamaliza umalembetsedwa ku Medical Council of Malawi ndipo umatha kugwira ntchito m'chipatala. Ngati usankha kosi yaifupi ya kutikita, funsa kaye ngati amaphunzitsa kapangidwe ka thupi, mayina a minofu ndi mafupa, ndiponso matenda amene munthu sayenera kutikitidwa nawo. Sukulu imene imangophunzitsa kayendetsedwe ka manja ndi fungo la mafuta usaipatse ndalama zako.

Ukadzayamba ntchito, khalidwe lako lidzaonekera pa zinthu zing'onozing'ono. Kasitomala amavula yekha iwe uli panja, amafundidwa nsalu thupi lonse, ndipo umavundukula malo okhawo amene ukugwirapo ntchito. Usanagwire malo atsopano umamuuza, ndipo akati usiye umasiya. Mitengo imalembedwa poonekera, pamalopo pamakhala munthu wina wantchito, ndipo kasitomala amene wayamba zachipongwe umamutulutsa nthawi yomweyo osaopa kutaya ndalama. Ukapeza malo ophunzirira, uwatenge bambo ako akaone okha kalasi ndi mabuku ake usanalipire fizi.